Funsani Tikuyankheni: Tsiku Limodzi Loonetsa Alendo Mzinda wa Blantyre

Mwezi uno talandira makalata angapo ochokera kwa awerengi a mumzinda wa Blantyre amene akuyembekezera alendo, ndipo tasankhapo anayi oti tiwayankhe pamodzi. Ena mwa makalatawa tawafupikitsa kuti akwane pa tsamba lino.

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ndine bambo wa zaka 41, ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndimagwira ntchito pa kampani ina ku Makata. Mnzanga ndi mayi akunyumba kwake akubwera kuchokera ku Harare kudzagona kwathu masiku atatu asanapitirire ku Mulanje kukaona abale. Onse awiri anabadwira ku Zimbabwe. Agogo awo ndiwo anachoka kuno kalekale kukafuna ntchito. Kuntchito andipatsa tsiku limodzi lokha lopuma. Kodi ndiwaonetse chiyani pa tsiku limodzi? Ine ndimaona ngati mzinda wathu ulibe choonetsa munthu wochokera ku Harare, kupatula mwina kukadya ku masitolo a ku Chichiri.
Bambo wa ku Chilomoni

YANKHO: Bambo, ndiyambe ndi mawu anu omalizawo, chifukwa maganizo amenewo angakuonongereni tsikulo musanatuluke n'komwe pakhomo. Munthu wa ku Harare mukamutengera ku masitolo akuluakulu, mwamuonetsa chinthu chimene kwawo chiliko kale, mwinanso choposa chathu, ndipo adzangokuthokozani mwaulemu. Chimene alendo anuwa sangachipeze kwawo ndi mzinda umene agogo awo anadutsamo popita kukafuna ntchito, mzinda umene unayamba mu 1876, pamene Johannesburg anayamba mu 1886 ndipo Harare, imene kale inkatchedwa Salisbury, inayamba mu 1890. Blantyre ndi wamkulu kubadwa pa mizinda itatuyi, ndipo nyumba zochitira umboni zimenezi zidakaimabe.

Musachulutse malo. Sankhani atatu kapena anayi amene mungathe kufotokoza mbiri yake, ndipo paliponse mukhalepo mokwanira kuti alendo afunse mafunso. Ambiri akalandira alendo amawazunguza mzinda wonse pa galimoto, n'kumaloza uku ndi uku pa windo, mwakuti pofika madzulo mlendo amangokumbukira kutopa; paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Gawo la m'mawa muyende wapansi, chifukwa malo akale a mzindawu ndi oyandikana.

Yambirani ku mishoni ya CCAP ku HHI (Henry Henderson Institute), ndipo mufikeko cha m'ma 8 koloko dzuwa lisanawawe. Mzinda unabadwira pamenepo. Henry Henderson wa mpingo wa Church of Scotland ndiye anasankha malowo, ataperekezedwa ndi Tom Bokwito, ndipo mfumu Kapeni inawalola kukhala. Gulu loyamba la amishoni linafika pa 23 Okutobala 1876, n'kutcha malowo Blantyre pokumbukira tauni ya ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, amene sanaphunzirepo ntchito ya zomangamanga, pamodzi ndi anthu akuno amene nawonso anali asanamangepo nyumba yotere. Njerwa zake zinaumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo.

Apa ndikupempheni chinthu chimodzi: musangoima patali n'kujambula chithunzi. Atengereni alendowo pafupi ndi khoma lenilenilo, akhudze njerwazo ndi manja, aone kuti si zofanana ayi. Zina n'zokhota, zina n'zosongoka, zina n'zosemeka m'mbali kuti zikalumikizana zitulutse mizere ndi makhonde, ndipo akuti mitundu yake ikufika 81, mtundu uliwonse ndi chikombole chake. Kenaka muwaimike kutsogolo kwa tchalitchi, muwafunse ngati nsanja ziwirizo zikufanana. Akayang'anitsitsa adzaona okha kuti iliyonse ili ndi kamangidwe kake. Mlendo akadzipezera yekha chinthu chotere, amakachisimba kwawo kuposa chimene wangouzidwa. Kumbukirani kuti awa ndi malo opemphererapo mpaka lero: Loweruka kumachuluka maukwati, Lamulungu kumakhala mapemphero, choncho pemphani chilolezo kwa oyang'anira musanalowe, muvale moyenera, ndipo ngati muli nako kangachepe kothandiza kusamala nyumbayo, musiye.

Pofotokoza mbiri ya mishoniyi musabise mbali yake yowawa. Zaka zoyambirira amishoni ena anadzisandutsa oweruza milandu, ankakwapula anthu mwankhanza mpaka munthu kufa, ndipo nkhaniyi itamveka ku Scotland mtsogoleri wawo, Duff Macdonald, anachotsedwa. Scott anabwera mu 1881 kudzayambanso ntchitoyo mwa njira ina, yokhulupirira kuti anthu akuda angathe kutsogolera mpingo wawo. Iyeyu ndiye anasonkhanitsa mawu a Chimang'anja m'buku lotanthauzira mawu limene linatuluka mu 1892, ndipo mwa anyamata amene anaphunzira pa mishoniyi munatuluka Harry Kambwiri Matecheta, amene anadzozedwa ubusa mu 1911. Alendo amene Chichewa chawo anachiphunzira pa miyendo ya agogo ku Mbare kapena ku Highfield mumzinda wa Harare adzaimva nkhani imeneyi mosiyana ndi mlendo wamba.

Mukatsika kuchokera ku mishoni mudzafika pa Wenela. Kwa inu ndi depoti ya mabasi chabe, yaphokoso la oitanira ndi fungo la chiwaya, koma imani pamenepo mphindi zingapo. Dzinalo linachokera ku bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene linkalemba anthu ntchito za ku migodi ya ku Joni, monga mmene Mthandizi inkalembera anthu opita ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia. Boma la Dr Kamuzu Banda linaimitsa kulembako mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito ku migodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70. Pamalo pamenepa musalankhule nokha. Afunseni alendo anu zimene agogo awo ankawauza za ulendo wawo, chifukwa iwonso akubwera ndi mbali ina ya mbiri yomweyi imene inu simukuidziwa. Mawu oti machona muwapewe pokhapokha atawatchula okha, pakuti kwa mabanja ena ndi mawu obaya.

Kuchokera pa Wenela lowani m'tauni kudzera mumsewu wa Glyn Jones, wotchedwa dzina la bwanamkubwa womaliza wa Nyasaland, mutsike ndi Victoria Avenue. Apa musachedwe kwambiri. Muwaonetse holo yakale ya tauni ya mu 1903 kumunsi kwa msewuwo, mudutse kwa ogulitsa ziboliboli, ndipo ngati mayiwo akufuna zitenje, msika waukulu uli pafupi. Mitengo ya ku msika mukambirane ndinu, popeza wogulitsa akamva kalankhulidwe kachilendo mtengo umakwera, komatu musanenerere mpaka kumulanda wogulitsayo phindu lake lonse. Mafoni ndi zikwama zikhale kutsogolo, ndipo ngati alendo ali ndi madola oti asinthe, apite ku banki kapena ku malo ovomerezeka osinthira ndalama, osati kwa anyamata a m'misewu. Mtsinje wa Mudi mudzauoloka uli wauve ndi wonunkha. Palibe chifukwa chowathamangitsira alendo kuti asauone, pakuti nawonso ndi nkhani yoona ya mzinda wa anthu opitirira 800,000, malinga ndi kalembera wa 2018.

Mukaoloka Mudi n'kukwera kamtunda mudzafika ku Mandala House, nyumba yosanja yomangidwa mu 1882, imene imadziwika kuti ndi yakale kuposa nyumba zonse zachizungu zimene zatsala m'dziko muno. Inali nyumba ya akuluakulu a kampani ya African Lakes, imene inkatsogozedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, ndipo dzina loti Mandala linachokera ku magalasi a m'maso amene John ankavala. Khalani pa khonde lake lalikululo mupumuleko. Pansi pali malo oonetsera ndi kugulitsa zojambulajambula komanso pomwera tiyi, ndipo pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, mmene muli mabuku, mapu ndi zithunzi zakale. Funsiranitu masiku amene imatsegulidwa kuti musakapeze chitseko chotseka. Nkhani imene ndingakonde kuti muwauze pakhondepo ndi ya Januwale 1915, pamene gulu la anthu a John Chilembwe linayenda usiku kuchokera ku Mbombwe ku Chiradzulu kudzathyola nyumba yosungiramo mfuti ya kampaniyi kuno ku Mandala. Anapeza mfuti zochepa chabe, kuukirako kunazima m'masiku owerengeka, ndipo Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho. Mutulutse ndalama yapepala imene pali nkhope yake muwaonetse, muwauzenso kuti timamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse.

Chakudya chamasana chikhale chakwathu. Sadza amadya kwawo tsiku ndi tsiku, choncho chachilendo kwa iwo si nsima ayi koma ndiwo: chambo chootcha, nkhwani wotendera, chigwada, kapena nkhuku ya lokolo. Sankhani malo aukhondo amene inu mwadyapo kale, osati oyesera tsiku lomwelo, ndipo madzi akumwa akhale a m'botolo.

Masana kwerani minibasi ya ku Limbe mutsike pa Chichiri. Kumeneko zinthu zitatu zili pamodzi m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere: nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 1966, chipilala chokumbukira ufulu wa pa 6 Julayi 1964, ndi bwalo la zamasewero la Kamuzu. M'nyumba ya zinthu zakalemo muli zida za makolo, zotsalira za nthawi ya malonda a akapolo ndi ndalama zakale, ndipo panja pali mutu wa sitima yamalasha ndi magalimoto akale. Ola limodzi n'lokwanira. Pa chipilalapo mungawakumbutse kuti Dr Banda anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ndipo atagwidwa ku Limbe pa 3 Malichi 1959 anakatsekeredwa ku ndende ya Gwelo, imene lero ndi Gweru, kwawo komweko, mpaka pa 1 Epulo 1960. Nthawi imeneyo mayiko athu anali mu chitaganya chimodzi cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963.

Popeza mumakhala ku Chilomoni, malo omalizira muli nawo pakhomo pomwe: Njira ya Mtanda ya pa phiri la Michiru. Ngati miyendo ikadali ndi mphamvu, yambani kukwera isanakwane 3 koloko kuti mutsike kusanade, pakuti miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko. Muyende gulu, mutengeko mnansi mmodzi kapena awiri odziwa njira, ndipo mulemekeze amene akupemphera pa malo oimapo. Muli pamwambapo mungawalozere zonse zimene mwayendamo tsikulo, pamodzi ndi mapiri a Ndirande ndi Soche. Adzaona okha kuti mapiriwo ndi ometeka, ndipo akafunsa muwauze zoona: mitengo inatha ndi nkhwangwa, anthu anamanga mpaka m'mphepete mwa phiri, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala ya Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Ngati tsikulo kwagwa chiperoni, phiri mulisiye, chifukwa simudzaona kanthu koma nkhungu ndipo njira imaterera. Nthawi imeneyo muionjezere ku Mandala kapena ku Chichiri.

FUNSO: A Mkonzi, ine ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Ndirande ndipo ndimagwira ntchito mu sitolo ina m'tauni. Anzanga atatu amene tinaphunzira limodzi ku sekondale akubwera kuchokera ku Mzuzu kudzandichezera pa tsiku langa lopuma. Galimoto ndilibe, malipiro anga ndi ochepa, ndipo awiri mwa iwo ndi opeza bwino kuposa ine. Kodi ndalama za ulendo, zolowera pa malo ndi za chakudya ndiyenera kulipira ndine ndekha popeza ndine mwini mudzi? Ndikuchitanso manyazi kuwatengera kunyumba kwanga chifukwa ndi ya zipinda ziwiri. Wina wandiuza kuti ndingokongola ndalama ndidzabweze mwezi ukatha.
Mayi wa ku Ndirande

YANKHO: Mayi, ngongoleyo musatenge, makamaka ikakhala ya katapila. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma chiwongoladzanja chimatsala ndi inu ndi ana anu mwezi wonse, ndipo anzanu enieni atamva kuti munakongola chifukwa cha iwo angamve chisoni osati kukondwa.

Mwambo wathu umati mwini mudzi adyetse mlendo, ndipo mwambo umenewu ndi wabwino, tiusunge. Koma unakhazikika pa nthawi imene chakudya chinkachokera m'nkhokwe ndipo kuyenda kunali kwapansi. Sunanenepo kuti mayi mmodzi wa malipiro ochepa alipirire akuluakulu atatu minibasi, zolowera ndi chakudya cha mu lesitilanti tsiku lonse. Gawo lanu ndi ziwiri: chakudya chimodzi chabwino chophikidwa pakhomo panu, ndi nthawi yanu yowaperekeza. Zotsalazo aliyense adzilipirire, kapena musonkherane ndalama m'mawa, mmodzi azisunga n'kumalipira paliponse. Chofunika ndi kunena zimenezi asananyamuke ku Mzuzu, osati kondakitala atatambasula kale dzanja. Mungawalembere uthenga pa foni wonena kuti, "Anzanga, nsima yamasana ndi ya kwathu, koma za mayendedwe ndi zolowera tidzasonkherana kuti tione malo ambiri." Mawu otere sanyozetsa munthu, ndipo opeza bwinowo mwina akudikira kuti muwatsegulire mpata wothandiza popanda kukuchititsani manyazi. Wina akadzipereka kulipira chakudya chamadzulo, mulandire ndi manja awiri.

Kusowa galimoto si vuto lalikulu mu Blantyre. Minibasi zochokera ku Ndirande zimafika m'tauni ndi ku Limbe, ndipo malo ambiri amene ndatchula m'yankho loyamba salira ndalama zambiri: kuona tchalitchi cha ku mishoni, kuyenda mu Victoria Avenue, kuima pa chipilala cha ufulu ndi kukwera phiri. Pewani nthawi imene anthu akupita kapena kuweruka kuntchito, chifukwa pamenepo minibasi zimadzaza ndipo mitengo imakwera. Mukhale ndi ndalama zing'onozing'ono kuti musakanganirane chenje. Za njinga zamoto za kabaza ndikuchenjezeni kuti anthu anayi sangayende limodzi, ngozi zake n'zambiri, ndipo palibe wa inu woyenera kukwera popanda chipewa choteteza mutu.

Tsopano za manyazi a nyumba. Anzanuwa munagona nawo m'chipinda chimodzi ku sukulu, munadyera limodzi nyemba zofumbwa. Akubwera kudzaona inu, ndipo mukawabisira pamene mumakhala adzabwerera ndi funso mumtima. Sesani, yalani mphasa kapena mubwereke mipando kwa anansi, muphike ndiwo zimene mumazidziwa bwino, thobwa likhale lozizira. Ana anu awalonjere alendowo, pakuti kwa mayi mnzanu kuona ana a mnzake n'kofunika kuposa kuona nyumba zosanja za m'tauni.

Ndiponso Ndirande payokha ndi malo oonetsa alendo, ngakhale eni akenu simuiona motero. Msika wake ndi umodzi mwa misika yotchuka m'dziko muno. Muwadutsitse kumene amisiri amasula mbaula, ndowa ndi zitini zothirira mbewu kuchokera ku malata otha ntchito, aime pang'ono amve kulira kwa nyundo zambirimbiri nthawi imodzi, aone mnyamata akudula lata ndi sizasi yaikulu, n'kulipinda pa chitsulo cha njanji mpaka lisanduke chiwiya. Apitirire kwa akalipentala, kwa ogulitsa zipangizo za galimoto ndi kwa a kaunjika. Zimenezi anthu a kumpoto amangozimva m'nkhani, ndipo inu ndinu woyenera kuwaperekeza chifukwa ogulitsa amakudziwani. Ngati tsikulo likugwa pamene Maule kapena Manoma akusewera pa bwalo la Kamuzu ndipo anzanuwo amakonda mpira, limenelo ndi dalitso. Mupite msanga, ndipo mutuluke mosathamangira chipwirikiti cha pa chipata.

FUNSO: Ndine mnyamata wa ku Zingwangwa. Mnzanga wa ku Lusaka akubwera, ndipo mkulu wanga wandibwereka galimoto tsiku limodzi. Ndikufuna timuonetse Zomba m'mawa, masana tikasambe ku nyanja ku Mangochi, pobwerera tidzere ku Mulanje. Kodi n'zotheka?
Mnyamata wa ku Zingwangwa

YANKHO: Achimwene, n'zosatheka, ndipo mukaumirira mudzayendetsa galimoto ya eni ake usiku muli otopa, pa misewu yodzaza ndi njinga zopanda nyali ndi anthu oyenda pansi. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Mangochi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 190, ndipo malo osambira a m'mbali mwa nyanja ali kutsogolo kwa boma. Mulanje ali mbali ina ndithu, kum'mawa chakum'mwera. Nyanja imafuna kugonako. Pa tsiku limodzi sankhani pakati pa Zomba ndi Mulanje, amene onse ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70.

Ine ndikanasankha Zomba, chifukwa mzinda ndi phiri zili pamodzi. Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, ndipo nyumba zakale za boma, nyumba ya malamulo yakale ndi chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles zikadalipo. Mukamakwera phiri mudzapeza anthu akugulitsa zipatso m'mbali mwa msewu malinga ndi nyengo yake, ndipo pamwamba pali damu la Mulunguzi, mathithi a Williams ndi malo oonera patali otchedwa Emperor's View, pokumbukira mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene inafikapo mu 1965. Kukayera bwino, nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje zimaoneka muli pomwepo. Misewu ina ya pamwamba pa phiri ndi yafumbi ndi yokumbika, choncho galimoto ikakhala yotsika muisiye pamalo otetezeka muyende wapansi ndi woperekeza wa komweko, mutagwirizana mtengo musananyamuke.

Mukasankha Mulanje, mupite kudzera ku Thyolo kuti mnzanuyo aone minda ya tiyi, mubwerere kudzera msewu wa Midima. Nsonga ya Sapitwa, ya mamita 3,002, si ya tsiku limodzi. Chimene mungakwanitse ndi kukwera kuchokera ku Likhubula kukafika ku Dziwe la Nkhalamba. Madzi a pamenepo ndi ozizira kwambiri ndiponso akuya, ndipo anthu amirapo, choncho wosadziwa kusambira angoviika mapazi. Kulikonse kumene mungapite, thirani mafuta okwanira dzulo lake, ndipo woyendetsa asalawe mowa.

FUNSO: Apongozi anga aakazi, amene ndi achikulire ndipo amavutika maondo, akubwera kuchokera ku Ntcheu ndi adzukulu awiri a zaka 6 ndi 9. Aka n'koyamba anawo kufika mumzinda. Sangayende wapansi mtunda wautali kapena kukwera phiri. Ndiwatengere kuti?
Mayi wa ku Bangwe

YANKHO: Mayi, kwa alendo oterewa theka la tsiku n'lokwanira, ndipo apa ndalama ya takisi ndi yoyenera kuitulutsa. Pezani dalaivala amene mumamudziwa, mugwirizane mtengo wa maola onsewo pamodzi ndi kudikira, kuti apongozi asamakwere ndi kutsika minibasi. Musanakonze chilichonse afunseni mwaulemu ngati pali malo amene akhala akulakalaka kuwaona. Achikulire ambiri amafuna kuona tchalitchi chachikulu cha mpingo wawo, kapena kukazonda wachibale, ndipo chimenecho chikhale choyamba. Ngati ndi a Katolika, tchalitchi chachikulu cha ku Limbe muli nacho pafupi. Ngati ndi a CCAP, ku HHI galimoto imafika pafupi ndi khomo ndipo pali pokhala.

Poti mukuchokera ku Bangwe, mudzadutsa mu Limbe, tauni imene inakula chifukwa cha njanji ndi fodya. Sitima inayamba kufika kuno mu 1908, Limbe ndi Blantyre anaphatikizidwa mu 1956, ndipo mu 1966 malowa analandira ulemu wokhala mzinda. Ngati apongozi anu amalima fodya ndipo ndi nyengo ya msika, imene imayamba cha mu Epulo, angakonde kuona kumene mabelo amagulitsidwira ku okushoni, koma kumeneko mupemphe chilolezo pasadakhale, ndipo fumbi la fodya silikhala bwino kwa ana kapena munthu wa chifuwa.

Anawo adzakondwa ndi mutu wa sitima ndi magalimoto akale a ku nyumba ya zinthu zakale ku Chichiri, pamene agogo awo akupuma pamthunzi. Kwa ana ochokera kumudzi, masitolo akuluakulu a pafupi pomwepo ndi chinthu chachilendo ndithu, choncho kulowamo n'kuwagulira kanthu kozizira n'koyenera. Muwagwire dzanja powoloka msewu wa Chipembere, ndipo mulembe nambala ya foni yanu pa kapepala muike m'thumba la mwana aliyense. Pojambula zithunzi, pewani nyumba ya boma ya Sanjika, malo a asilikali ndi a polisi, ndipo munthu aliyense amene mukufuna kumujambula, kaya ndi wogulitsa pamsika, muyambe mwamupempha. Mankhwala a apongozi, madzi akumwa ndi chitenje chapadera chofunda zikhale m'chikwama chanu, chifukwa Limbe ndi wokwera ndipo mphepo yake imazizira kuposa ya m'tauni ya Blantyre.